Ku Ndirande munthu safa, amatisiya

Ku Ndirande munthu safa. Amatisiya, amatsogola, amatsikira kulichete. Mwana wa zaka khumi akatumidwa mbandakucha kukagogoda pakhomo loyandikana nalo ku Malabada, sakanena kuti agogo afa. Amayamba wagwada, ndiye n'kuti, "Akuti ndidzakuuzeni kuti kwathu kwagwa zovuta. Agogo aja atisiya usiku." Palibe adamulembera mawu amenewa pabolodi. Adangowamva kwa akuluakulu, ndipo akudziwa kuti liwu lina lija ndi la nkhuku ndi agalu. Likanenedwa pa munthu limabaya ofedwa kachiwiri.

Mwana yemweyo akafika Fomu 4, ine ndimaima kutsogolo kwake n'kumufunsa kuti euphemism ndi chiyani. Amangoti duu, maso pansi. Luso lomwe wakhala nalo chiyambire ali wamng'ono lavala dzina lachilendo, ndipo sakulizindikira.

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera ku Bangwe. Ndimakhala ku Ndirande komwe ndidabadwira, ndipo popita kuntchito ndimadzera mu Limbe. M'minibasi ndimamva anthu akuluka mawu mokoma, akubayana mophiphiritsa, akuseketsana mpaka misozi. Ndikafika m'kalasi ndimapeza ana a anthu omwewo atakhulupirira kuti zokometsera chiyankhulo ndi za azungu, ndipo kuti iwo mitu yawo ndi youma. Chikhulupiriro chimenechi ndi chabodza, ndipo chikulepheretsa ana mayeso.

Si nkhani yaing'ono. Malamulo a bungwe la MANEB amati munthu alandire satifiketi ya MSCE akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Mwana akhoza kuswa masamu ndi sayansi, koma akagwa Chingerezi ndiye kuti zaka zinayi walemba m'madzi. Mbali ina ya mayesowo ndi ya mabuku: sewero la Macbeth la William Shakespeare, nkhani ya The Pearl ya John Steinbeck, ndakatulo ndi nkhani zazifupi. Akulu a ana a lerowa adalimbana ndi Romeo and Juliet komanso Smouldering Charcoal. Mayeso akayandikira, timapamfuleti tofotokopa timayenda malonda m'tauni. M'katimo mumakhala mndandanda wautali: simile, metaphor, personification, irony, hyperbole, symbolism. Ana amauloweza ngati katekisimu, liwu ndi liwu. Koma akapatsidwa ndakatulo yomwe sadaionepo, zonse zija zimangoti balala.

Ambiri mwa mayinawa adachokera ku Chigiriki ndi Chilatini. Angerezi adawatola kumeneko, ndipo kuno adafika ndi sukulu za mishoni, kuyambira pomwe mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876. Koma chomwe chidabwera ndi mayina okha. Zinthuzo adazipeza konkuno, pamtondo, pabwalo la milandu, pasiwa. Mphunzitsi mnzanga wa Chichewa, kuseri kwa khoma lomwelo, amaphunzitsa zofanana ndi zanga pamutu wa nsinjiro za chiyankhulo ndi zipangizo za ndakatulo: zifanifani, zining'a, mikuluwiko, umunthu, chibwereza, mvekero. Ana amalemba zake m'kope lina, zanga m'kope lina, ndipo makope awiriwo sakumana.

Ziwiri zomwe zimasokoneza ana kwambiri ndi simile ndi metaphor, chonsecho kusiyana kwake n'kwa liwu limodzi. Bambo akadandaula kuti tiyi wazizira ngati mphuno ya galu, ameneyo ndi simile, chifanifani, ndipo chizindikiro chake ndi "ngati" kapena "monga". Zinthu ziwiri zaikidwa pafupi kuti tizione pamodzi, koma tiyi akadali tiyi. Metaphor amachotsa "ngati" uja. Agogo akati galu wakuda walowa m'mudzi, sakuti njala ikufanana ndi galu. Akuti njala ndi galuyo, ali ndi mano, akuyendera khomo ndi khomo. Ochemerera Mighty Wanderers akamadzitcha Nyerere, sakufanizira. Akulengeza kuti ndi ambiri, amayenda pamodzi, ndipo amaluma. Mumsika wa Ndirande kathumba ka ufa wongokwanira mkomya umodzi kamatchedwa wokumani, dzina la kawailesi kam'manja kaja. Amene adakatcha choncho adatenga chinthu chochititsa manyazi, kulephera kugula thumba la chimanga, n'kuchisandutsa choti munthu anyamule poyera akuseka.

Apa ndi pomwe ndimafuna ana aimepo nthawi yaitali, chifukwa metaphor sangokometsa. Amasankha khalidwe limodzi la chinthu, n'kubisa ena onse. Dr Kamuzu Banda ankatchedwa Ngwazi, Mkango, Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko muno ankatchedwa mbumba yake. Taganizani zomwe mawu akuti nkhoswe adachita. Pachikhalidwe chathu nkhoswe imateteza, imaweruza za banja, ndipo mbumba siiyankha mwamwano. Mayi akavomera kuti mtsogoleri wa dziko ndi nkhoswe yake, wavomera kale kuti sadzamufunsa mafunso omwe nzika imafunsa boma. Mkangano udatha usadayambe, ndipo udathera m'liwu limodzi. Patapita zaka, Bingu wa Mutharika ankatchedwa chitsulo cha njanje. Chitsulo cha njanje n'cholimba, n'zoona, komanso sichipindika kuti chimve za wina. Omutamanda ankaona mbali yoyambayo. Mwana wodziwa kuwerenga metaphor amafunsanso za yachiwiriyo.

Za personification, zomwe pa Chichewa timati umunthu, ana a ku Blantyre safunika kuwafotokozera kwambiri chichitikireni zija za mu Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osakata, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu adathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi, ndipo dziko lidataya anthu mazanamazana. Pawailesi akatswiri a zanyengo ankafotokoza za mphepo ya m'nyanja yamchere ndi kuchuluka kwa mvula. Koma m'makwalala, pamipopi, m'minibasi, anthu ankati, "Napolo wadutsa." Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kupita kunyanja ndi zonse zili panjira yake. Ndi dzina lomwelo anthu adatchula chigumula cha ku Zomba mu 1946, ndi cha ku Phalombe mu 1991.

Ena amati umenewu ndi umbuli. Ine sindivomera. Munthu amene nyumba yake yapita, ndipo mwana wake sakuoneka, sangalire ndi mamilimita a mvula. Akufuna chinthu chokhala ndi dzina, chokhala ndi cholinga, choti achiloze. Imeneyo ndiyo ntchito ya umunthu: kupatsa moyo ndi maganizo chinthu chopanda moyo kuti mtima uthe kuchigwira. David Rubadiri adachita zomwezo m'ndakatulo yake yotchuka ya An African Thunderstorm, momwe mphepo ndi mitambo zimachita zinthu ngati zamoyo. Steve Chimombo, yemwe adatisiya mu 2015, adatenga Napolo yemweyo n'kumangapo ndakatulo zambiri, zina zili m'buku lake la Napolo Poems la mu 1987. Kwa iye Napolo sadali madzi okha. Adali mphamvu iliyonse yomwe imasesa anthu popanda kuwafunsa, ndipo owerenga a nthawi imeneyo ankadziwa yomwe ankanena.

Komabe pali funso lomwe sindilola ana alidumphe. Tikati Napolo wadutsa, ndani wapulumuka pamlandu? Ine ndidakula ndikuona mitengo paphiri la Ndirande. Lero n'lambee, ndipo nyumba zikukwerabe. Ku Soche n'chimodzimodzi. Dzina la Napolo limatonthoza, komanso limatha kuphimba nkhwangwa, uvuni wa makala, ndi onse omwe adalola anthu kumanga pamalo otsetsereka chifukwa kunalibe kwina kowapatsa. Chipangizo chimodzi chomwecho chikhoza kupukuta misozi ndi kutseka maso. Mwana akatha kuona zonse ziwiri, waphunzira mabuku, ngakhale dzina la Chingerezi lija atalilemba molakwika.

Zina n'zosavuta, ndipo sinditayirapo nthawi. Hyperbole ndi kukokomeza: "Ndakudikira chaka chathunthu," akutero munthu yemwe waima pasiteji ya Chinseu mphindi makumi awiri. Woitanira minibasi akamakuwa kuti watsala mmodzi yekha, m'kati muli anthu atatu, aliyense amadziwa kuwerengera kwake. Rhetorical question ndi funso losafuna yankho, la chodziwadziwa: "Kodi ndalama ndimachita kutola?" Mwana amene angayankhe funso limenelo kwa mayi ake aona zakuda. Repetition, chibwereza, pitani m'tchalitchi chilichonse ku Zingwangwa Lamulungu m'mawa mukamve mlaliki akubwereza chiganizo chimodzi katatu, mawu akukwera, mpaka mpingo wonse uyankhe.

Pa zamamvekedwe a mawu pali kusiyana kwenikweni pakati pa ziyankhulo ziwirizi, ndipo ana ayenera kuuzidwa. Mlakatuli wa Chingerezi amavutika kuti apeze mawu oyamba ndi liwu lofanana, zomwe amati alliteration. Ife Chichewa chimatipatsa ulere chifukwa cha agwirizanitsi. "Kamwana kathu kaja kakudwala." "Chinthu chachikulu chija chagwa." Palibe luso pamenepo, ndi malamulo a chiyankhulo chabe. Chimodzimodzi rhyme, kufanana kwa mathero a mizere. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembowo alipo asanu okha, kotero kufananitsa mathero n'kosavuta ndipo khutu silidabwa nako. N'chifukwa chake ndakatulo zabwino za Chichewa, monga za Benedicto Wokomaatani Malunga, zimatsamira kwambiri pa chibwereza, pa kusanja ziganizo zofanana kapangidwe, pa miyambi, ndi pa mpweya wa wolakatula. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akupotoza Chichewa chabwino kuti mizere yake ithere mofanana, poganiza kuti ndakatulo ndiye zimenezo.

Irony ndiye chovuta, ndipo ngakhale aphunzitsi timasiyana pochifotokoza. Mtundu wake woyamba uli m'nyumba iliyonse. Mwana waswa mbale, mayi n'kuti, "Mwachita bwino, bwana. Iswaninso inayo." Mawu akutamanda, tanthauzo likukalipa, ndipo ulemu wa "mwa-" ndi "bwana" kwa kamwana ka zaka zisanu ndi umene ukuluma. Mtundu wachiwiri ndi pomwe zinthu zatembenuka mosiyana ndi zoyembekezeka, monga mlonda kuberedwa njinga yake ali pantchito yolondera katundu wa eni. Wachitatu, womwe umabwera kawirikawiri pamayeso, ndi pomwe oonera akudziwa chomwe mtengambali sakudziwa. Mu Macbeth, mfumu Duncan ikufika panyumba ya Macbeth n'kumayamikira kukoma kwa malowo, ife tikudziwa kale kuti eni nyumba apangana zoipha usiku womwewo. Ana amati n'zovuta mpaka nditawakumbutsa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi. Theka la kuseka konse komwe anthu ankaseka pa masewero awo kunkachokera pomwepo: ife tikuona msampha, wina akuulowa akudzitama. Nthano za Kalulu ndi Fisi zimayendanso choncho. Mwana aliyense amene adayankhapo "tili tonse" adamvapo kukoma kodziwa zomwe Fisi sakudziwa.

Tsopano ndinene chifukwa chomwe zinthuzi sindizitenga ngati masewera a m'kalasi. M'dziko muno, posachedwapa pomwepa, kudziwa kuphiphiritsa kunali kusiyana kwa kugona kunyumba ndi kugona kundende. Mu 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo bungwe lounikalo linkatha kuletsa chilichonse. Mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri mu Blantyre muno isadasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayamba kukumana m'gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Mwa omwe adadutsamo ndi Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Sakanatha kulemba poyera kuti wakutiwakuti wasowa, kapena kuti nduna yakuti ikudya za amphawi. Adabwerera ku nthano, ku miyambi, ku nyama zakutchire. Adaphunzira kwa amayi a pamtondo, omwe kuyambira kale amaimba zodandaula za mwamuna kapena apongozi mwini wake akumva, koma osapeza pogwira chifukwa dzina lake silidatchulidwe.

Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods lidatuluka ku London mu 1981. Bilimankhwe wa pamutu wa bukulo ndi symbol, chizindikiro, chinthu chooneka choimira ganizo losaoneka. Mmalawi aliyense amamudziwa bilimankhwe wa m'nthano, yemwe adatumidwa ndi uthenga wa moyo koma adachedwa panjira mpaka buluzi adamupitirira ndi uthenga wa imfa. Amadziwanso kuti kanyamaka kamasintha mtundu kuti kasadyedwe. Mlakatuli wa nthawi imeneyo adali zonse ziwiri: wonyamula uthenga, woyenda mosamala, wosintha khungu. Akuluakulu adamva fungo ngakhale sadathe kuloza mzere. Mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale. Pa 25 Seputembala 1987 Mapanje, yemwe adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa ku Zomba. Adakhala ku Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri popanda kuzengedwa mlandu, mpaka mu Meyi 1991. Ndikamafotokoza zimenezi kalasi imakhala zii. Ana amadabwa kuti boma lokhala ndi apolisi ndi mfuti linkaopa ndakatulo.

Chizindikiro chidagwiranso ntchito pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu. Osankha ambiri sankadziwa kuwerenga, choncho mbali ziwirizo zidaimiridwa ndi zithunzi: tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndi nyali ya zipani zambiri. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Agogo a ku Goliyo omwe sadapondeko m'kalasi sadafunike wowamasulira kuti nyali ikutanthauzanji kwa munthu amene wakhala mumdima. Mutu wa buku la Tiyambe Zeleza, Smouldering Charcoal, lomwe lidatuluka mu 1992, ndi wa mtundu womwewo. Aliyense wophikira pambaula amadziwa makala ooneka ngati azima, pamwamba phulusa lokhalokha, koma ukawakupiza pang'ono moto uli lawilawi. Chaka chomwecho, mu Meyi, sitalaka yomwe idayambira pafakitale ya nsalu ya David Whitehead idafalikira mumzinda wonse.

Pali chuma china chomwe pamndandanda wa Chingerezi chilibe malo okwanira, ndicho mvekero. Pamapamfuleti mupezapo onomatopoeia, mawu otsanzira phokoso, monga mbale kugwa kuti phwaa. Koma mvekero wathu umapitirira phokoso. Umajambula mtundu: magazi ali psuu, kunja kuli bii, ufa uli mbee. Umajambula kaimidwe ndi kakhalidwe: waima njo, wakhala ndwii, wangoti kakasi. Umajambula ngakhale kusowa kwa phokoso, zii uja ndamutchula kale. Mtsikana wa ku Machinjiri akamasimba ngozi ya kabaza yomwe waona, amaisewera yonse ndi mvekero, ndipo womvera amaiona ndi maso. Mtsikana yemweyo akalemba chimangirizo cha Chingerezi chimatuluka chozizira, chifukwa chida chake chachikulu wachisiya pakhomo ndipo palibe wamuuza chogwiritsa m'malo mwake. Ndimawauza kuti Mngerezi ntchito imeneyo amaipatsa mneni. Pomwe ife tili ndi mneni mmodzi ndi mvekero khumi, iye ali ndi aneni khumi osiyana a kuyenda, khumi a kuyang'ana. Mwana akamva zimenezi amayamba kusaka aneni m'dikishonale ndi njala, chifukwa tsopano akudziwa chomwe akufuna kunena.

Owerenga ena anena kuti iwo mayeso adalemba kalekale, izi ziwathandiza chiyani. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle wa ku Greece adalemba za luso lokopa anthu ndi mawu, rhetoric. Adati wolankhula amakopa m'njira zitatu: potipangitsa kumukhulupirira iye mwini, pokhudza mitima yathu, ndi popereka mfundo zomveka. Ana amaziloweza kuti ethos, pathos, logos. Kuti muzione zikugwira ntchito, imani pomwe wogulitsa mankhwala azitsamba wasonkhanitsa anthu pafupi ndi msika wa Limbe. Amayamba ndi iye mwini: sadabwere kudzanamiza munthu, ndi wopemphera, mankhwalawa adawasiyira agogo ake. Kenako amalowa mumtima: amafotokoza msana wowawa usiku, banja lomwe likugwedezeka, ndalama zomwe zathera kuchipatala, mpaka wina m'gulumo aone ngati akunena iye. Ikafika nthawi ya mfundo, kuti m'botolomo muli chiyani ndipo chimagwira bwanji ntchito m'thupi, amadutsapo mothamanga n'kutchula mtengo. Pa miyendo itatu ya Aristotle ija, iwiri ndi yonenepa, wachitatu ndi wopuwala, ndipo anthu amagula.

Nthawi ya kampeni mukapita pabwalo la Nyambadwe, la Desert ku Bangwe kapena ku Njamba, kamvereni ndi khutu lomwelo. Werengani mafunso a chodziwadziwa, chibwereza, mayina otamanda ndi onyoza, ndiye mufunse kuti mfundo zinali zingati. Mvereninso allusion, kutchula nkhani yodziwika kale kuti ibwereke mphamvu zake. Joseph Nkasa atatcha Bingu kuti Mose wa Lero m'nyimbo yake chisankho cha 2009 chisanachitike, sadafunike kufotokoza zambiri. Mtundu wowerenga Baibulo udadzazamo wokha Farao, ukapolo ndi dziko lolonjezedwa. Sindikunena kuti zipangizozi ndi zoipa. Mfumu yabwino pamaliro imazigwiritsa ntchito kuti iziziritse mitima, ndipo nkhoswe yanzeru imapulumutsa nazo banja. Ndikunena kuti munthu wosazizindikira amatengedwa nazo osadziwa kuti watengedwa.

Tsiku lina tikuwerenga The Pearl, tidafika pomwe Kino, msodzi wosauka, wapeza ngale yaikulu. Dokotala yemwe adakana kuthandiza mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, tsopano akubwera yekha kunyumba. Wansembe naye wabwera, ndipo tauni yonse yayamba kulota maloto ake pa ngale ya mwini. Ndinafunsa kuti ngaleyo ikuimira chiyani. Ana anayankha za m'pamfuleti: chuma, dyera. Mtsikana wina wa ku Ntopwa, yemwe nthawi zambiri salankhula, anakweza dzanja theka.

"Madamu, ndinene m'Chichewa?"

"Nena, mwanawe."

"Ngaleyo ndi ndalama zomwe zinabwera bambo atamwalira. Asanamwalire kunyumba sikunkabwera munthu. Zitangomveka kuti kuntchito kwawo apereka ndalama, kunabwera achibale omwe sitinawaonepo. Amayi ankati bola zikanapanda kubwera."

Juana, mkazi wa Kino, amafika pa maganizo omwewo m'bukumo, mpaka kufuna kuitaya ngaleyo m'nyanja. Mtsikanayu anali asanafike pa tsamba limenelo. Tinatenga yankho lake, kalasi yonse, n'kuliika m'Chingerezi chiganizo ndi chiganizo: chipangizo ndi chakuti, chikuimira chakuti, ndipo chikutithandiza kuona chakuti. Masitepe atatu amenewa ndi omwe wochonga mayeso amafuna, ndipo ana ambiri amaima pa loyamba, kutchula dzina basi. Lachitatu ndi lomwe lili ndi malikisi, ndipo silipezeka m'pamfuleti.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi sukulu zina m'matauni athu ano zomwe zimalanga mwana akamveka akulankhula Chichewa, kumusesetsa kapena kumulipiritsa. Cholinga chawo ndikuchimvetsa, ndipo inenso ndimafuna ana anga alankhule ndi kulemba Chingerezi chakupsa, chifukwa mayeso, koleji ndi ntchito zikuchifuna. Mipikisano ya masewero a Chingerezi ya ATEM idatulutsa anthu ngati Du Chisiza Jr, yemwe adayambira ali pasukulu ya HHI mu Blantyre muno, ndipo ndimalakalaka sukulu iliyonse yoyendera itamatengako mbali. Koma mwana amene wauzidwa kuti chiyankhulo cha mayi ake ndi mlandu, amatseka chitseko cha nkhokwe yomwe muli miyambi, nthano ndi mvekero zonse zomwe zikanamuthandiza kumva Shakespeare. Makolo nawonso, amene mumaganiza kuti simungathandize mwana pa Chingerezi chifukwa sukulu mudalekera panjira, mukhoza. Mukamuuza kuti walira mvula walira matope, mufunseni kuti mvula ndi chiyani pamenepa, matope ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani akale sadangonena mosazungulira. Funso la pamayeso ndi lomwelo.

M'kalasi mwanga muli kope limodzi lachikuto cholimba lomwe limazungulira. Mwana aliyense sabata yake ikakwana amalembamo mawu atatu omwe wamva kunyumba, kumsika, kutchalitchi, kumzikiti kapena pawailesi, amene adawanena ndi wotani, ndipo amafuna chiyani powanena choncho. Lachisanu timawawerenga n'kuwapezera mayina m'ziyankhulo zonse ziwiri. Ena amagwera m'mayina awiri, ena sapezeka dzina, ndipo timawasiya choncho. Muli za m'Chiyao ndi m'Chilomwe zomwe eni ake amatimasulira, chifukwa Bangwe ndi wa mitundu yonse.

Omwe amakonza masilabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi angathandize kwambiri atatulutsa kabuku kamodzi koika mayina a Chichewa ndi a Chingerezi patsamba limodzi, ndi zitsanzo zochokera m'makwalala momwe anawa akukhala. Podikira zimenezo, ine ndi mnzanga wa Chichewa tagwirizana kuti teremu ikubwerayi phunziro la ndakatulo la Fomu 3 tiziphunzitsa limodzi kamodzi pamwezi, iye ndi ndakatulo ya Chichewa, ine ndi ya Chingerezi, ana atatsegula makope onse awiri. Ahedi avomera, bola tisasokoneze ndandanda ya maphunziro ena.